Injini Ziwiri

Twaibu, makaniko wa ku Mpondasi,
anazigoneka pa thabwa, zofanana ngati mapasa,
nati: imodzi ikakufera pakati pa madzi,
inzake ikubwezera kwanu.

Ndinakumbuka Juni uja, mwera utakwiya,
injini yanga imodzi yokhayo itatsokomola n'kukhala chete,
ife tikupalasa ndi chivundikiro cha ndowa mpaka ku Malindi.
Ndinagulitsa ng'ombe. Ndinatenga zonse ziwiri.

Koma boti langa ndi laling'ono.
Titazipachika kumbuyo linakhala pansi,
mphuno m'mwamba,
madzi atatsala zala zitatu kuti alowe.

Ndiye tinayamba kusamutsa katundu.
Zigubu za petulo kutsogolo.
Batire pansi pa mpando wapakati.
Nangula ndi matumba a mchere, kutsogolonso.
Mlamu wanga Ajasi, wathupi uja,
amene zaka zisanu wakhala pambali panga kuchiwongolero
tikudyerana mtedza ndi miseche,
ndinamuuza apite kumphuno.

Boti linawongoka.
Tsopano limathamanga, mafuta likumwa kawiri.
Ajasi amandiyankhulabe ali uko,
ndimangoona milomo ikugwedezeka,
mawu onse injini zadya.