Fomu ya Lachisanu

Fomu yabwera kuchokera ku Lilongwe,
timabokosi take tating'ono ngati maso a nkhuku.
Ikufunsa: mijigo ingati? Masiku angati? Makwacha angati?

Ndalemba: isanu ndi iwiri mwa khumi.
Cholembera chofiira chandiyang'ana cham'mbali.

Koma bokosi lili kuti
loikamo tsiku lija pa chitunda cha Chowe,
lole itatitimira m'matope mpaka m'chiuno,
Twaibu akufukula ndi manja,
kukhosi kuli gwa ndi Ramazani?

Ndilembe pati za Asiyatu
amene anagona masiku atatu kwa Katuli
akuphunzitsa amayi kumasula zitsulo za mjigo
kuti ife tikachoka
madzi asatitsatire?

Nanga Likongwe,
wosaina m'kaundula tambala asanatsike,
n'kusowa mpaka nthawi yowerukira?
Fomu ikumukonda ameneyo.
Sanajombepo.

Magetsi athima, fani yaima.
Kunja akabaza akulimbirana munthu mmodzi.
Thukuta langa ladonthera pa bokosi la Zotsatira,
inki yamwazika.

Sindifufuta.
Mwina akuluakulu akaona bangalo
adzaimba foni
kufunsa kuti ichi n'chiyani,
ndipo ine ndidzayambira pa Chowe.