Dzanja la Wodula Nzimbe

Mu holo ya ku Nchalo fani idafa kalekale,
thukuta latsikira mpaka m'zigongono.
Mayi Alufandika awomba m'manja kawiri:
"Mwamuna, tambasula lamanzere, chikhatho chiyang'ane kudenga.
Mkazi, sanjika zala zako, zipinde ngati mbedza.
Chala chachikulu chigone, chilibe ntchito pano."

Langa dzanjali limadziwa chikwanje chokha.
Miyezi isanu ya nzimbe zowauka
yaumitsa chikhatho ngati msana wa ng'ona.
Ndagwira Nyamiti.
"Mayo! Kodi ndine nzimbe ine?"

Ndamasula msanga,
dzanja lake laterereka ngati mlamba wa mu Shire.

"Osafinya, osataya," atero mayi aja,
"chigongono chisathawe nthiti.
Ukakoka pang'ono, nayenso akoke,
kaulusi kapakatipo ndi kamene kamalankhula."

Kachitatu tsopano.
Lamanja ndaika kumsana, kunsi kwa phewa,
osati m'chiuno, anthu angatole nkhani.
Wailesi yalira. Ndaponda phazi lake,
watsonya, kenako waseka,
koma dzanja sanachotse.

Mawa m'bandakucha, kumunda,
ndikuopa kapitawo adzandipeza
nditagwira chikwanje mwaulemu.