Njere Zitatu

Adalengeza pa chimkuzamawu Lachiwiri,
galimoto ya khonsolo ikuyenda ngati yoperekeza maliro:
mabwalo atatu a m'dera lathu akonzedwanso,
bwerani mudzanene maganizo anu.
Ine ndidatsamiritsa njinga yanga ya kabaza pa mtengo wa nimu,
ndidataya makasitomala a masana onse,
awiri opita ku Kaphatenga, wina wa thumba la makala,
kuti ndikadzimvere ndekha.

M'holo ya sukulu munali kutentha kwa Salima kwa mu Okutobala,
kuja malata amalira okha.
Mtsikana wa ku khonsolo, Sitelia,
adamata mapu pa bolodi.
Bwalo lathu litasanduka kabokosi kobiriwira,
kopanda fumbi, kopanda mbuzi,
kopanda kanjira kaja kodula pakati
kamene mapazi athu adalemba popita kuchigayo.

Adayala mbale zisanu patebulo,
iliyonse ndi chithunzi chake:
katungwe, mabenchi a simenti, chimbudzi, mpanda, maluwa.
Aliyense njere zitatu za chimanga.
Ponyani pomwe pali mtima wanu, adatero.

Lufeyo wa timu ya mpira adadzuka asanalozedwe:
nanga magolo athu?
Mayi Asiyatu, amene amayanika mpunga pamenepo chaka ndi chaka,
adafunsa ngati mpandawo udzakhala ndi geti,
ndipo kiyi adzasunga ndani.
Za kiyi palibe adayankha.
Bambo wina adafunsa za alawansi;
atamva kuti kulibe, adatuluka, njere zake m'thumba.

Ine maso pa mapu, kufunafuna nimu.
Pakona pamene mtengowo udaima
adajambulapo timizere toimikapo magalimoto.
Magalimoto a yani?
Mtengo umenewo ndi ofesi yathu.
Pamenepo timamata machubu,
timawerengera ndalama za chipereganyu,
pamenepo tidasonkha za bokosi la Twaibu
lole ya shuga itamugunda pa mphambano.
Msomali umene ankakolekapo chipewa chake ukadalipo,
khungwa laumeza theka.

Pagulu ine lilime limauma.
Ndidangonyamuka, kudutsa mbale zonse zisanu,
n'kuika njere zanga pansi, pa simenti,
kunsi kwa kona ija ya mapu.
Anthu adaseka. Wina adati, akudyetsa nkhuku ameneyo.
Kenako Dafita adabwera, naika zake pomwepo.
Kenako anzanga a kabaza, mmodzimmodzi, akukwekwesa patapata.
Kenako mwana wa sukulu amene sindimudziwa n'dzina lomwe.
Mayi Asiyatu adaponya imodzi m'mbale ya chimbudzi,
ziwirizo adabwera nazo kwathu.

Sitelia adagwada, siketi yake yabwino ija pafumbi,
kuwerenga kamulu kopanda mbale.
Makumi anayi ndi imodzi.
Adafunsa: kodi pali chiyani apa?
Tidati: mthunzi.
Adapisa m'chikwama; cholembera chobiriwira chinali chitauma,
ndiye adajambula ndi chofiira
kanthu kozungulira, kopendekeka ngati limu yopindika.
Sindikulonjeza, adatero,
ndikapereka kwa akuluakulu.

Miyezi itatu yatha. Mvula idagwa.
Zikhomo zawo zoyezera zidakhomedwa m'bwalo,
ana adazula ziwiri n'kupanga magolo.
Za nimu sitidamvebe kanthu.
Timakhala pansi pake monga kale,
koma tsopano galimoto iliyonse ya boma ikaima pafupi
bawo imayamba yaima.

Amene adasesa m'holo tsiku lija
adataya zinyalala kuseri kwa zenera.
Dzulo, ndikudutsa ndi kasitomala pa kaliyala,
ndidaona chimanga chitamera pamenepo,
chothithikana, chopanda mzere,
chafika kale m'mawondo.
Kasitomala adandimenya paphewa: bwanji mwaima, achimwene?
Ndidati, tcheni.