Kusala m'Munda wa Nzimbe

Daku ndinadya nyenyezi zikadali ngwee,
mbatata ziwiri ndi madzi a m'chigubu,
kenaka pakamwa ndinatseka.

Tsopano dzuwa la ku Nchalo lakhala paliwombo.
Phulusa la nzimbe zootcha usiku
landidetsa mpaka m'zikope.
Chikwanje chikagwa, phesi likukha misozi yotsekemera,
ikutsikira m'dzanja, ikumata zala,
ine osanyambita.

Kapitawo alibe nazo kanthu.
Shehe Twaibu ali kutali, kumzikiti wa malata.
Angadziwe ndani nditapsopsona chala chimodzi?
Alipo. Kusala n'kwake,
ndiye amawerenga madontho amene sindinamwe.

Zuze, mnzanga wa kwa Tengani, wa kolona m'khosi,
ludzu likamugwira amakabisala kuseri kwa thirakitala
kuti ndisamve kholingo lake likugubuduza.
Pobwera amapukuta milomo ngati waba.
"Amidu, kodi Mulungu wakoyo sakumvera chisoni?"
Ndimaseka, mlomo n'kung'ambika.
Ramadani ndi mwezi umene Mawu anatsika, Zuze,
ndipo mtsuko wodzaza kale sulandira mvula.

Dzuwa lalowa kuseri kwa mitengo ya Lengwe.
Azana ikumveka pa sipika yosasa mawu,
udzudzu wayamba kale futari yake pa akakolo anga.
Zuze akupisa m'thumba:
masau asanu ouma, sanalaweko ndi limodzi lomwe.

Bisimila.
Madzi oyamba ndikuwamva njira yonse mpaka m'mimba,
ndipo ndakumbuka mlamu wanga Asiyatu ku Makhanga,
amene munda wake unapita ndi madzi a Ruo.
Kusala kwake kulibe azana womasula.

Malipiro a Lachisanu lino tigawana pakati.