Nsapato Imodzi

Ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ku Limbe,
pafupi ndi pomwe maminibasi a ku Bangwe amaitanira.
Zaka makumi atatu ndikudziwa anthu kuyambira m'akakolo kutsika.
Nsapato zanga ine imatha ndi yakumanja yokha,
yakumanzere ikadali ndi fungo la m'sitolo.
Mwendo wake unaleka kukula ndili ndi zaka zinayi,
usiku wina thupi litatentha, kwathu kuseri kwa Mpingwe.
Amayi anati ndaponda mankhwala,
ananditemera mphini mpaka m'chiuno.
Dzina loti poliyo ndinalimva nditamera kale ndevu.

Lachiwiri lapitali Ndaziona, mwana wanga,
anabereka Lonjezo kumbuyo kupita naye kusikelo.
Pobwerera anadzera pano kudzapempha ya minibasi,
khanda lili ndi kathonje pantchafu,
mawu atasasa ndi kulira.
Usiku thupi linatentha.
Jailosi, mkamwini wanga, anaimba cha m'ma leveni:
"Bambo, ndinanena ine.
Uthenga uli pafoniwu mwaumva?
Akuti ana amenewa akadzakula sadzabereka.
Chaulere chinayamba liti m'dziko muno?
Panado yemwe amati mukagule kufamase,
koma jekeseni iyi yokha
akuchita kutilondola nayo pakhomo."

Sindinamuseke.
Ndinali naye pabenchi ku Gulupu chaka chatha,
mayi ake akubuula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka,
wapawindo akutiyankha ngati tabwera kudzakongola.
Munthu amene wakukalipira masana
ukamuona madzulo atanyamula singano,
mtima umafunsa.
Za m'kabotolomo nanenso sindizidziwa.
Sukulu ndinalekeza Sitandade 3,
njira inanditalikira.

Ndinangoti: Jailosi, vula malaya,
yatsa tochi, uyang'ane paphewa pako.
Kachipsera ako konga wani tambala
anakuika ndani?
Omwewo anakudonthezeranso timadzi m'kamwa,
iwe uli kumsana, osadziwa kanthu.
Nanga ana awiriwa unawatola pamsewu?
Ine paphewa panga mposalala ngati sopo.
Chipsera changa ndimachita kuchikoka pansi ndikamayenda.

Foni inangoti zii.
Chapatali mwana akulira,
madzi akudontha m'beseni, Ndaziona akufinya kansalu.
Ndinati kukacha zisanasinthe mubwerere naye,
mukafunse mokweza, asakuthamangitseni,
akuuzeni chomwe amubaya ndi dzina lake.
Apo mayunitsi anatha.

Sindinagone.
Ndinapemphera mopanda ulemu, ngati wolonjerera ngongole.
Nanga mwanayu akapanda kudzuka,
mkamwini ndidzamuyang'ana ndi maso ati,
ine ndi mwendo wanga wochitira umboniwu?
Kulimbikitsa mnzako nkosavuta
pamene wotenthayo sali pachifuwa pako.

M'mawa kunagwa chiperoni.
Ndinayala phula, ulusi, zidutswa za matayala,
manja akukana kulowetsa ulusi pasingano.
Cha m'ma teni uthenga wamawu unalowa.
Jailosi sananenemo kanthu.
Munali Lonjezo yekha akuyamwa,
kumeza kukuchita kumveka,
kenako kugeya kwa munthu wamkulu,
ndi Ndaziona akuseka chakumbali.
Ndinaumvera kanayi,
kasitomala ataima ndi mwendo umodzi kudikira patapata wake.

Sanapepese, inenso sindinazifune.
Uthenga uja sanaufufute, ndikudziwa,
ndipo abusa ake akadali ndi maganizo awo.
Koma Loweruka anabwera ndi nsapato zake za kuntchito
m'jumbo yakuda,
nafunsa, maso ali kumsewu,
"Paja akuti abwererenso liti?"
Ndinati tsiku analemba m'kabuku kachikasu kaja,
ukamufunse mkazi wako.

Atapita ndinazitulutsa.
Zonse ziwiri zadyeka chidendene mofanana,
kuphiri kwa Bangwe kukwera ndi kutsika.
Ndinazitembenuza m'manja nthawi yaitali
ndisanazibaye.