Njerwa Ziwiri pansi pa Waya

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndaima pano pa Matawale,
msana kuphiri, nkhope kumakala.
Mbuzi ndimaidziwa ndi mpeni,
moto ndimauyeza ndi kuseri kwa dzanja.
Akabaza akaweruka, asilikali akalandira,
mawu awo ndi amodzi:
"Aise, ipse. Ndipatse yakudayo ndikukute."

Mwandida ndinamuphunzitsa ndi utsi womwewu.
Yunifolomu yake inkanunkha kanyenya
mpaka anzake anamutcha Nambuzi.
Lero ali ku Chirunga, m'chovala choyera,
akuyeza zinthu zimene diso silinaonepo.

Loweruka anabwera. Pabenchi sanakhale.
Anatola nthuli, naitembenuza
ngati ndalama yokayikitsa.
"Ababa, moto ukapyola muyeso
nyama imabala zimene mbuzi sinabadwe nazo.
Mafuta akadontha pakhala n'kulira kuti tswee,
utsiwo umabwerera kudzamatirira panthuli.
M'thupi mwa munthu muli kalata yaitali,
selo lililonse limaikopera lisanagawike.
Zakudazi zikalowa zimakakamira pachilembo,
wokopera n'kuphonya,
womutsatira n'kukopera cholakwikacho
mokhulupirika, mwaukhondo,
osadziwa kuti akulemba chotupa."

Ndinaseka.
Ndinaloza a Gomiwa, odya pano chiyambire,
khosi lonenepa, akunyambita kambuzi kuzala.

"Sindinati aliyense. Sindinati mawa.
Thupi limafufuta zambiri lokha.
Koma ndi maere, ababa,
ndipo nthuli yopserera ndi tikiti ina m'chipewa."

Usiku umenewo nkhungu inatsika phiri
n'kundipeza ndili maso,
ndikuwerenga pakamwa ponse ndinadyetsa.
Ndinakumbuka Che Mdoka, telala wa pakhonde,
amene ankandisungitsa zakumapeto kwa waya,
amene anaonda mpaka lamba anasowa bowo,
n'kutsirizikira pa bedi la ku Central.
Chinawatenga sindichidziwa.
Mwandida akuti nayenso sangachidziwe.
Kusadziwako ndiye kumaluma.

Lolemba ndinatola njerwa ziwiri
n'kukweza waya.
Ndinadikira malawi agone, makala avale phulusa.
Nyama inagona m'mandimu ndi adyo,
mafuta olendewera ndinasadza,
ndipo dzanja silikupuma, tembenu, tembenu,
ngati mayi wa mwana wotentha thupi.

A Gomiwa analawa, nagwedeza mutu:
"Iyi ndi nyama ya kuchipatala."
Atatu anawolokera kwa Fulaye tsidya la msewu,
kumene lawi limanyambita denga.
Makala akutha msanga, mandimu akwera,
madzulo ndalama m'chitini ikulira yokha.
Koma mayi wina wa ku Chinamwali anabweranso kawiri,
akuti yanga siuma kukhosi.

Tsopano ndikatseka
pamatsala mbale ya zakuda zimene ndapala,
tizidutswa tonyezimira, tonunkhira ubwana wa Mwandida.
Galu wa pa sitolo ya simenti amakhala pansi, kudikira.
Ndimamuyang'ana, naye amandiyang'ana.
Kodi nayenso ali ndi kalata yake?

Ndimakataya kudzala.
Koma dzulo, ndisaname,
ndili pakati pa njira, mbale m'manja,
ndinangomva kukutu m'kamwa mwanga.
Zala zinali zitapita kale zokha,
zosaphunzira, za zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ndinaima mumdima, mchere palilime,
osameza, osalavula,
minibasi yomaliza ya ku Liwonde ikuitanira.