Gudumu Lachinayi

Atatu ndili nawo.
Lachinayi linapita ndi mzungu, kaya ndi akuba,
kaya linangodzigudubukira lokha kutsetsereka mu Enterprise
chaka chija ndalama zinasanduka masamba.

Galimoto yagona pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Mufakose,
ya mipando iwiri, yopanda denga, yobiriwira ngati botolo.
Nkhuku zaikiramo kawiri.
Mayi a kunyumba amati ndi mkazi mnzawo wotsimphina.

Bambo anga, Yotamu wochokera ku Ntcheu,
ankaitsuka Loweruka lililonse ku Highlands,
sipoko ndi sipoko, ndi mswachi wotha wa dona.
Sanakhalemo, ngakhale tsiku la mvula.
Koma kuwerenga ndinaphunzirira pa gudumu limenelo:
masipoko makumi asanu ndi limodzi, mwanawe,
akapitirira pamenepo si ake.

Mu Kaguvi anyamata amakugwira malaya usanatsegule pakamwa.
Tili nalo, madala, dikirani pompano!
Amabwera atasenza limu lowala ngati dzino la golide,
lofika dzulo pa sitima, lopepuka ngati bodza.
Ndimaligogoda ndi kiyi. Silimayankha.
Lenileni limalira, ndimawauza,
ndipo silinyezimira chonchi.
Utoto wake ndi wotuwa, siliva wodzichepetsa,
mtundu wa mitambo ya Novembala isanaganize zogwa.
Amaseka. Wina anati ndipite kumanda ndikafunse kumeneko.

Ku Graniteside, mwenye wina wa magalasi awiri
anatulutsa m'kabati nati ya makutu awiri,
yokulunga m'nyuzi ya chaka chomwe ndinabadwa.
Mtima unagunda. Ndinaitembenuza:
mazinga ake ngakumanja, ine ndikufuna akumanzere.
Ndinaigulabe. Munthu sabwerako kumaliro osalira.

Miyezi isanu ndi inayi.
Nsapato ziwiri zatha, jakaranda wayoyoka n'kuphukanso.

Ndiye Lachitatu lina ku Siyaso, njala itandipinda,
ndinaima pa mayi wootcha chimanga.
Chimanga chinali kupsa pa mawaya opingasa,
akuda bii, okhala pakamwa pa mgolo.
Maso anayamba okha kuwerenga.
Khumi. Makumi atatu. Ndinasuntha chisononkho ndi chala, ndinapsa.
Makumi asanu ndi limodzi.

Mai Chenjerai sanafune ndalama poyamba.
Zaka zisanu ndi zitatu, anatero, ana atatu sukulu,
onse aphunzira pa waya ameneyu.
Ndinawawotcherera sefa yatsopano ya zitsulo zonenepa,
ndinawonjeza madola makumi awiri ndi thumba la makala.
Ndinalinyamula likadali lofunda, m'kombi anthu akundithawa.

Moto unafewetsa masipoko, onse anayenera kuchoka.
A Kachingwe okonza njinga pa Magaba,
amene anabwera pa sitima imodzi ndi bambo anga,
analuka atsopano masabata atatu, diso limodzi lotsinzina,
akulizungulitsa, akumvetsera, akukhwimitsa pang'ono,
ngati munthu wokonza zingwe za bangwe.
Ndinafunsa: likadali lenileni kodi, mawaya onse atasinthidwa?
Anati: iwe unabadwira pa Gomo,
Chichewa chako chili ndi dzimbiri,
chitupa cha bambo ako anachidinda kuti mlendo mpaka kufa.
Ndiwe weniweni wa kuti?
Gwira apa, usandichedwetse.

Utoto ndinasakaniza ndekha, kanayi,
kufanizira ndi kuseri kwa gudumu lakale kumene dzuwa silinafikeko.
Nati ya kumanzere sinapezekebe.
Ndabwereka ya gudumu lakutsogolo kuti ndione chabe mmene ikhalire,
ndaimenya ndi hamala ya mkuwa ija bambo anabisa m'sutikesi,
katatu, monga ankachitira.

Injini sinadzuke, imeneyo ndi nkhani ya chaka chamawa.
Koma usiku uno njerwa ndachotsa mbali imodzi.
Ndakhala pa mpando wa dalaivala, mswachi uli m'thumba,
wa pambali ndaupukuta, ndausiya wopanda munthu.
Mphepo ikadutsa m'masipoko
ndimamvabe kafungo ka chimanga chopsa.